Magetsi a mphepo ya panyanja: mafunso ndi mayankho kuchokera ku Kasungu

Kuno ku Kasungu magetsi a mphepo si nkhani yachilendo. Zaka zoposa 20 zapitazo William Kamkwamba, ali mnyamata wa zaka 14 kwa Wimbe, anaimika nsanja ya mitengo ya bulugamu, n'kumangirira pamwamba pake fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki ndi dayinamo ya njinga, mababu n'kuyaka m'nyumba. N'chifukwa chake anthu akamva kuti ku Ulaya ndi ku America makampani akuluakulu akuthawa ntchito yomanga makina a mphepo pakati pa nyanja, mafunso amachuluka. Amafunsa aphunzitsi a sayansi, amisiri oika masola, ngakhalenso eni zigayo amene magetsi akangothima ntchito yaima. Mafunso omwe amabwera kawirikawiri ndi awa.

Kodi makina amenewa amagwira ntchito bwanji?

Nzeru yake ndi yomwe ija ya kwa Wimbe. Mphepo imazunguza mapiko, mapiko amazunguza jenereta. Kusiyana kwagona pa kukula. Siteshoni yoyamba ya panyanja inamangidwa mu 1991 ku Vindeby m'dziko la Denmark, ndipo makina ake 11 onse pamodzi ankatulutsa mamegawati pafupifupi 5 (megawati ndi muyeso wa mphamvu ya magetsi). Lero siteshoni ya Hornsea 2 ku Britain ili ndi makina 165 otulutsa mamegawati oposa 1,300, kutanthauza kuti malo amodziwo akuposa kawiri magetsi onse opangidwa m'Malawi muno. Ku Dogger Bank, makilomita oposa 130 kuchokera kugombe la Britain, phiko limodzi ndi lotalika mamita 107 ndipo makina amodzi amatulutsa mamegawati 13. Mphepo ikamaomba mokwanira, makina 10 okha afanana ndi Kapichira.

Nsanja zambiri zimaima pa chipaipi chachitsulo chokhomeredwa pansi pa nyanja. Magetsi amayenda m'nthambo zokwiriridwa mumchenga wa pansi pa madzi kukafika kumtunda.

Bwanji osangomanga pamtunda, pomwe n'posavuta?

Chifukwa mphepo ya panyanja ndi yamphamvu ndiponso siidukizaduka. Kulibe mapiri, mitengo kapena nyumba zoitchinga. Ndipo pali lamulo la chilengedwe limene ambiri salidziwa: liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza ka 8. Choncho malo amene mphepo yake yangoposa pang'ono amapereka magetsi ochuluka kwambiri. Makina abwino a panyanja amatulutsa pakati pa 40 ndi 50 peresenti ya mphamvu yawo yonse pa chaka, zomwe pamtunda sizichitika kawirikawiri.

Chifukwa china ndi malo. Maiko ngati Britain, Netherlands, Belgium ndi Denmark ndi ang'ono, anthu ndi othithikana, ndipo mizinda yambiri ili pafupi ndi gombe. Mwayi wawo ndi woti nyanja ya North Sea ndi yosazama.

Mphepo ndi yaulere. Nanga ndalama zimathera pati?

Zimathera pa kumanga, ndipo zimatuluka zonse magetsi asanayake ndi kamodzi komwe. Funso ili ndiye phata la nkhani yonse.

Jenereta ya dizilo mumagula motchipa koma imadya ndalama tsiku lililonse. Tinaziona mu 2018 pamene majenereta obwereka a Aggreko anabwera kudzachepetsa kuthimathima kwa magetsi. Makina a mphepo ndi osiyana. Sadya mafuta, koma musanagulitse yuniti yoyamba mwalipira kale chitsulo cha nsanja ndi maziko, kopa wa nthambo, siteshoni yokweza mphamvu ya magetsi yomangidwa pamadzi pomwepo, doko lotha kunyamula katundu wolemera chonchi, inshulansi, ndi sitima zapadera zokhala ndi miyendo yoima pansi pa nyanja ndi kireni yaitali. Sitima zoterezi n'zowerengeka padziko lonse ndipo amazilipira pa tsiku, ngakhale tsiku limene mafunde akula moti ntchito siingagwirike. Makina enieniwo, amene timawaona pa zithunzi, nthawi zambiri sakwana n'komwe theka la mtengo wonse.

Siteshoni yaikulu imadya madola mabiliyoni angapo, ndipo gawo lalikulu limakhala ngongole yobweza kwa zaka zambiri. Ndiye mtengo wa magetsiwo umatsata chiwongoladzanja kuposa china chilichonse. Tawerengani nokha. Mukakongola madola 1 biliyoni pa 3 peresenti, chiwongoladzanja cha pa chaka ndi madola 30 miliyoni. Pa 7 peresenti chafika madola 70 miliyoni. Mphepo ndi yomweyo, makina ndi omwewo, mayuniti ogulitsa ndi omwewo, koma madola 40 miliyoni apita chaka chilichonse.

Tinkamva kuti mtengo wa magetsi amenewa ukutsika. Linali bodza?

Ayi, unatsikadi, ndipo unatsika modabwitsa. Ku Britain boma limachititsa okushoni yobwerera chakumbuyo: wopambana ndi amene wavomera kugulitsa magetsi motchipa, ndipo amapatsidwa mtengo wotsimikizika kwa zaka zambiri. Mu 2015 opambana analandira mapaundi pafupifupi 115 mpaka 120 pa mayuniti 1,000 aliwonse. Mu 2019 mtengo unali pafupifupi mapaundi 40, ndipo mu 2022 unafika mapaundi 37.35. Mitengo yonseyi amaiwerengera pa mphamvu ya paundi ya mu 2012.

Zotsitsa zinali zenizeni. Makina anakula, kotero maziko amodzi ndi ulendo umodzi wa sitima zinkabala magetsi ambiri. Amisiri anazolowera ntchito. Mabanki anasiya kuopa. Koma chinanso, chimene ambiri sankachitchula mokweza, n'chakuti kwa zaka zoposa 10 ngongole ku Ulaya ndi ku America inali yotchipa kwambiri. Makampani anayamba kulonjeza mitengo ngati kuti zinthu zidzakhala choncho mpaka kalekale.

Ndiye chinasokonekera n'chiyani?

Zinthu zingapo zinagwa nthawi imodzi. Mliri wa Covid unasokoneza mafakitale ndi mayendedwe a katundu. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, mitengo ya chitsulo, mafuta ndi gasi inakwera. Pofuna kuletsa kukwera mitengo kwa zinthu, mabanki akulu anakweza chiwongoladzanja. Ku Britain chinachoka pa 0.1 peresenti kumapeto kwa 2021 n'kufika 5.25 peresenti mu Ogasiti 2023. Ku America chinachoka pafupifupi pa 0 n'kupitirira 5 peresenti.

Mlimi wa fodya wa ku Chamama angamvetse msanga. Tinene kuti mu Ogasiti wasainirana ndi wogula kuti kilo iliyonse adzagulitsa pa mtengo wakutiwakuti, osasintha. Pofika Novembala thumba la feteleza lakwera, aganyu akweza, wangongole naye wakweza chiwongoladzanja. Akamawerengera akuona kuti akadzafika ndi mabelo ku Chinkhoma, belo lililonse lidzamuonjezera ngongole. Atsala ndi njira zitatu: kupempha wogula akweze mtengo, kulima n'kuluza, kapena kusiya munda n'kulipira chindapusa. Makampani a mphepo anayesa zonse zitatu. Kungoti kwa iwo pakati pa kusaina ndi kugulitsa pamadutsa zaka 5 kapena kuposa, ndipo makontirakiti ambiri a ku America analibe chiganizo chololeza mtengo kukwera zinthu zikakwera. A ku Britain anali nacho, koma mtengo womangira unathamanga kuposa chiganizocho.

Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zinalakwa. Makampani analimbirana kutsitsa mitengo mopanda mantha, ndipo maboma anakondwa ndi mitengo yotsikayo osafunsa ngati ingamangedi kanthu.

Ndi ntchito ziti zimene zinagwa?

Chaka choipitsitsa chinali 2023. Mu Julayi kampani ya Vattenfall ya ku Sweden inaimitsa ntchito ya Norfolk Boreas ku Britain, ya mamegawati 1,400, ikunena kuti mtengo womangira wakwera ndi pafupifupi 40 peresenti. Mu Sepitembala okushoni ya boma la Britain inatha popanda kampani ndi imodzi yomwe ya mphepo ya panyanja yopikisana nawo, chifukwa boma linakana kupitirira mapaundi 44. Pa okushoni ya chaka chotsatira linakweza malire kufika mapaundi 73, makampani n'kubwerera.

Ku America kampani ya Avangrid inalipira madola 48 miliyoni kuti ituluke mu kontirakiti ya Commonwealth Wind ku Massachusetts. Inaona kuti chindapusa n'chopepuka kusiyana ndi kumanga. Kumapeto kwa 2023 Ørsted ya ku Denmark, imene ili patsogolo pa ntchitoyi kunja kwa China, inasiya Ocean Wind 1 ndi 2 ku New Jersey ndipo inalengeza kuti katundu wake watsika mtengo ndi madola pafupifupi 4 biliyoni.

Sizinathere pomwepo. Mu Disembala 2024 tenda ya Denmark, kwawo kwenikweni kwa makina amenewa, inasowa opikisana. Mu Meyi 2025 Ørsted inaimitsa Hornsea 4. Mu Ogasiti chaka chomwecho tenda ina ku Germany inasowanso munthu, ndipo Mitsubishi inachoka pa mapulojekiti atatu ku Japan.

Kodi makinawo saonongeka ndi madzi amchere ndi namondwe?

Amaonongeka. Mchere umachititsa dzimbiri, mvula imadya m'mphepete mwa mapiko, ndipo nthambo za pansi pa madzi zikaduka kukonza kwake kumatenga miyezi. Mu Julayi 2024 phiko lina linathyoka pa Vineyard Wind ku America, zidutswa zake n'kukafika kugombe la Nantucket, magombe ena n'kutsekedwa kwa kanthawi. Vuto lina ndi mpikisano wa kukula. Opanga makina akhala akutulutsa mtundu wokulirapo asanauzolowere wakale, ndipo mtundu watsopano uliwonse umafuna kireni yaitali, doko lolimba ndi sitima yatsopano. Komabe makina a ku Vindeby aja anagwira ntchito zaka 25 asanachotsedwe mu 2017, choncho panyanja makina amatha kukhalitsa.

Nanga ndale zikulowapo?

Kwambiri, makamaka ku America. Mu Januwale 2025 Donald Trump atalowanso m'boma anaimitsa kupereka malo atsopano a panyanja. Mu Epulo boma lake linalamula kuti ntchito ya Empire Wind, ya kampani ya Equinor ya ku Norway, iime, n'kudzailola patatha mwezi. Mu Ogasiti linaimitsa Revolution Wind imene inali itamangidwa pafupifupi 80 peresenti, mpaka khothi linalola kuti ipitirire.

Kaya munthu akonda makinawa kaya ayi, kuimitsa ntchito yoti zilolezo zonse inalandira kuli ndi mtengo wake. Banki imene yaona zimenezi mawa imakweza chiwongoladzanja, ndipo wolipira pomaliza ndi wogula magetsi. Palinso lamulo lakale la ku America la mu 1920, lotchedwa Jones Act, lonena kuti katundu woyenda pakati pa madoko a dzikolo anyamulidwe ndi sitima zopangidwa komweko. Popeza sitima zoimika makinawa zinali za kunja, makampani ankachita kuzungulira, nthawi ndi ndalama n'kumatha.

Asodzi ndi zamoyo za m'madzi zimatani?

Asodzi ali ndi dandaulo lomveka. Malo amene ankakokako makoka amadzala nsanja ndi nthambo, ndipo nkhani ya chipukutamisozi imavuta kulikonse. Phokoso lokhomera maziko limasokoneza nyama za m'madzi, n'chifukwa chake omanga amazunguliza malowo ndi mpanda wa thovu la mpweya kuti phokoso lichepe. Mbalame zina zimagundidwa ndi mapiko. Za anamgumi ofera kugombe la America, bungwe la boma loona za nyanja la NOAA linanena kuti palibe umboni woti makinawa ndiwo akuwapha. Ambiri mwa amene anapimidwa anali ogundidwa ndi sitima kapena okodwa mu zingwe za usodzi.

Ndiye tinene kuti magetsi a mphepo ya panyanja alephera?

Ayi. Pofika kumapeto kwa 2024 dziko lonse linali ndi mamegawati oposa 80,000 a mtunduwu, ndipo pafupifupi theka ali ku China. Kumeneko chitsulo, makina, sitima ndi ngongole zonse n'zapakhomo, ndipo boma likanena kuti pamangidwe pamamangidwa. Britain, Germany, Netherlands, Taiwan ndi Poland akumangabe. Chimene chinafa mu 2023 ndi chikhulupiriro choti mtengo uzingotsika chaka ndi chaka. Makontirakiti atsopano akusainidwa pa mitengo yokwererapo, yogwirizana ndi ndalama zomangira.

Ife tili ndi nyanja yathu, ndipo mwera umaomba mwamphamvu. Sitingamange?

Funsoli ndimalikonda, chifukwa wolifunsa waganiza bwino. Mwera umaombadi m'miyezi yozizira mpaka asodzi amaopa kulowa m'madzi, ndipo umabwera mvula itasiya, pamene mitsinje ikuphwa. Dziko lodalira Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje umodzi wa Shire likufunikadi gwero lina. Tonse tikukumbukira mdima wa 2016 ndi 2017 madzi atachepa, komanso wa 2022 namondwe wa Ana ataononga Kapichira.

Koma yankho loona n'lakuti si lero. Nyanja ya Malawi ndi yakuya, kumpoto imafika mamita pafupifupi 700, pomwe maziko okhomera pansi amathera pa mamita 50 kapena 60. Makina oyandama alipo, siteshoni yake yoyamba, ya Hywind Scotland, inatsegulidwa mu 2017, koma ndi odula kuposa okhomera. Kumwera kwa nyanja n'kosazama kwambiri, koma kumeneko n'kumene kuli chambo ndi asodzi ambiri.

Chachiwiri, sitima yoimika makina ilibe polowera. Shire ali ndi mathithi, choncho chilichonse chiyenera kutsikira ku Nacala, Beira kapena Dar es Salaam n'kubwera pamsewu kapena panjanji, ndipo phiko la mamita 100 silingakhote m'misewu yathu. Chachitatu, makina a panyanja amatchipa akakhala ambiri, pomwe nthambo za ESCOM sizingalandire mamegawati mazanamazana amene amakwera ndi kutsika motsata mphepo. Chachinayi ndi ngongole. Ngati chiwongoladzanja cha 5 peresenti chinagwetsa mapulojekiti ku Britain, nanga kuno kumene cha Reserve Bank chinafika 26 peresenti mu 2024? Mu Africa monse mulibe siteshoni ya mphepo ya panyanja ndi imodzi yomwe, ngakhale ku South Africa, Morocco ndi Egypt kumene makina a pamtunda alipo ambiri.

Ngati sitimanga, nkhaniyi ikutikhudza bwanji?

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sola ya JCM ya mamegawati 60 ku Salima, ya Golomoti ya mamegawati 20 yokhala ndi mabatire, ndi damu la Mpatamanga limene likukonzedwa kuti limangidwe pa Shire, zonsezi chuma chake chimayenda mofanana ndi cha makina a panyanja: ndalama zambiri poyamba, mafuta palibe, ngongole ya zaka zambiri. Wobwera ndi madola amafuna kubwezeredwa motsata dola, pomwe ife mayuniti timagula ndi makwacha. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpata wa pakati pa ziwirizi unakula tsiku limodzi. Mpata umenewo wina ayenera kuutseka, kaya ndi ESCOM, kaya ndi boma kudzera m'misonkho, kaya ndi inu MERA ikavomereza mtengo watsopano. N'chifukwa chake ndimafuna kuti makontirakiti ogulira magetsi azikhala poyera, aphungu ndi atolankhani aziwawerenga. Mtengo wokwera kwambiri umatipweteka kwa zaka 20. Wotsika kwambiri umatisiya ndi mwala wa maziko ndi chikwangwani basi.

Phunziro lina lili pafupi, ku Kenya. Siteshoni ya pamtunda ya Lake Turkana, ya makina 365 ndi mamegawati 310, inatha kumangidwa mu 2017, koma nthambo ya makilomita oposa 400 yonyamula magetsiwo inachedwa mpaka Sepitembala 2018. Kontirakiti inkati ntchito ikatha malipiro ayambe, ndiye Kenya inalipira magetsi amene sinalandire. Tikamamva za nthambo yolumikiza Malawi ndi Mozambique, yochokera ku Matambo kudzafika ku Phombeya, tizidziwa kuti nthambo ndi yofunika chimodzimodzi ndi siteshoni.

Nanga makina a pamtunda, kuno ku Kasungu kapena ku Mchinji?

Amenewo ndi otchipa kwambiri kuposa a panyanja, ndipo ndi amene Malawi angayambire. Koma kamvuluvulu wa mu Okutobala kapena mphepo yosasula madenga mvula yoyamba si umboni woti malo ndi abwino. Chofunika ndi mphepo yoomba mosalekeza miyezi yambiri, pa utali umene mapiko adzakhale. Banki siikongoza popanda miyeso ya chaka chathunthu kapena kuposa, yotengedwa pa nsanja yaitali pamalo omwewo. Kwa mudzi umodzi sola ndiyo yakhala yosavuta, monga gridi yaing'ono ya kwa Sitolo ku Mchinji, chifukwa ilibe chozungulira choti chithe mabeyaring'i ndipo amisiri ake alipo pa Boma ndi m'matauni ang'onoang'ono.

Tsiku lina kampani ikadzafika kwa a mfumu kudzapempha malo oimikapo makina a mphepo, a komiti ya chitukuko adzayambe ndi kufunsa kuti mphepo anaiyeza kwa miyezi ingati ndipo zotsatira zili kuti. Adzafunsenso ngati pali kontirakiti yosainidwa ndi wogula magetsi, ndi amene adzamange nthambo yokafika ku siteshoni ya ESCOM. Pa nkhani ya malo, makina a mphepo amadya kadera kochepa pa tsinde ndi msewu wopitako, ndipo kwina konse chimanga, mtedza ndi soya zimalimidwa mpaka pafupi ndi nsanja. Ndiye palibe chifukwa chogulitsira munda wonse. M'maiko ambiri eni minda amabwereketsa kaderako n'kumalandira lendi chaka ndi chaka, ndipo mgwirizano umanena poyera kuti ntchito ikapanda kuyamba pofika chaka chakuti, malo abwerere kwa eni ake.